ZA MANJA ATHU: Mpeni wa zoona umabadwila pa moto, osati pa grinder

Imwe, lowani mu kitchen apa manje muwelenge mipeni yamene ili mu dishi. Mwina ili itatu olo inai, koma palibe olo umodzi wamene ungajube tomato bwino-bwino osaifinya. Wina chogwilila chinachoka kale, munamanga na mphila. Wina amai amaukwecha pa step ya pakhomo m'mawa ulionse, manje wasala ngati waya. Koma tsiku lamene munaugula unali kung'anima ngati galasi. Akulu sananame: chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyelele.

Sabata ino tikambe za kupanga mpeni wanu-wanu, kuseli kwa nyumba. Anyamata a manja mu komboni ni ambili. Pitani mu Kalingalinga olo mu Garden muone ma gate na ma door frame yamene yamachoka pa mbali pa msewu. Ena mwa imwe munayesako kale na mpeni: kutenga flat bar, kujuba shape yabwino, kunola, kupukuta mpaka ung'anime. Pakapita masiku awili wabuntha, kastoma wabweza. Vuto siili pa manja anu. Shape na kung'anima ni vovala chabe. Chamene chimapanga mpeni ni nsimbi yoyenela, yamene yapita pa moto mu njila yoyenela.

Nsimbi zonse sizilingana

Flat bar, angle iron na nsimbi za ma burglar bar ni mild steel. Carbon yamene ilimo ni ing'ono, kambili siipitilila 0.25 pelesenti. Nsimbi yotele olo muiike pa moto tsiku lonse, olo muiviike mu chani, siizalimba kufika pa mpeni. Ni yabwino pa gate, osati pa nyama.

Imwe mufunika nsimbi ya carbon yambili, ndipo ili mbwee ku ma garage na kwa ogulitsa scrap. Yoyamba ni spring ya motoka, ija ya mapepe yamene imakhala pansi pa van na ma truck. Zambili zimakhala na carbon pafupi-fupi 0.6 pelesenti, ndiye chifukwa chake zimapilila kupindika. Yachiwili ni tupa lakale, lija amakanika amaliitana failo. Tupa labwino lili na carbon pafupi-fupi 1 pelesenti, ndipo mpeni wake umathwa kwambili. Disc yakale ya pulawo ya tractor nayo imasewenza.

Koma osagula na maso chabe. Gusani nsimbi pa grinder muone nthethe zamene zichoka. Mild steel imaponya mizele itali-itali yosaphulika kwambili. Ya carbon yambili nthethe zake zimaphulika kumapeto ngati tunyenyezi. Mukafuna kutsimikiza, jubani kachidutswa kang'ono, kapsyeni mpaka kafiile, kaponyeni mu madzi. Kakazizila kamangeni pa vice, valani magalasi, kamenyeni na nyundo. Ngati kathyoka ngati botolo, nsimbi ni yabwino. Ngati kapindika chabe, isiyeni. Matupa ena otchipa ni olimba pamwamba chabe, mkati ni phala, ndipo ni test iyi yamene imawagwila.

Spring yakale muiyangane bwino. Yanyamula katundu zaka zambili pa misewu ya migodi-migodi, ndiye nthawi zina imakhala na ming'alu ing'ono-ing'ono. Ichotseni nguwe, muiyangane pa dzuwa, makamaka pafupi na boo ya pakati. Pamene pali kamzele, pajubeni mutaye.

Vinthu viwili osagwilako. Choyamba ni nsimbi ya galvanised, ija yotuwa ngati malata. Mukaiika pa moto, zinc imachoka ngati utsi woyela, ndipo mukaupuma usiku muzagona na mphepo, mutu na chifuwa ngati malaria. Chachiwili ni nsimbi yamene simudziwa kwamene yachoka. Munthu akabwela usiku na chidutswa cha njanji olo nsimbi ya pa ma pylon a ZESCO ati nigulitsa motchipa, mukaneni. Kusunga katundu wakuba ni mlandu, ndipo apolisi sazamvela kuti munali kufuna chabe pomenyela.

Funsani mwine wa mpeni

Mpeni wa mu shop anaupangila aliyense. Wanu muupangila munthu mmodzi, ndipo apa ndiye pali ndalama yanu. Ba butchala ochotsa nyama ku fupa afuna wowonda, wosongoka. Amai ogulitsa chikanda afuna wautali, wopyapyala, kuti chidutswa chichoke chosalala. Oyocha michopo afuna wolemelako. Ojuba repu na chibwabwa tsiku lonse afuna wopepuka, wamene sulemetsa dzanja. Khalani nawo, muone mwamene amagwilila, muone kukula kwa dzanja lawo, mufunse chamene chimawakalipitsa pa mpeni wamene ali nawo.

Mukamva, jambulani pa katoni, jubani, muwapatse agwile. Kusintha katoni ni mahala, kusintha nsimbi ni thukuta. Ngati ni mpeni wanu woyamba, osayamba na chimpeni cha mu filimu. Mbali yojubila ikhale masentimita 10 olo 12, ndipo nsimbi ipitilile mpaka kumapeto kwa chogwilila. Mipeni yambili yotchipa imathyokela apo pamene kansimbi kang'ono kamalowa mu pulasitiki.

Moto wa malasha ukwana

Kusula nsimbi si nchito yachilendo pa dziko lino. Ku Ingombe Ilede, kufupi na Siavonga, pamene anakumba mu 1960 anapeza nyundo na vopanila va nsimbi pamodzi na mitanda ya kopa. Osula a ku mudzi mpaka lelo amapanga makasu na nkhwangwa na malasha, nyundo na mvukuto wa chikumba cha mbuzi. Malaiti sanawayembekezepo.

Imwe chitani chimodzimodzi. Kumbani kadzenje pansi, olo tengani rim yakale ya motoka muimate na dothi. Lowetsani paipi ya nsimbi yakuda pansi pa malasha, osati ya galvanised. Kumbuyo kwa paipi ikani chopepelela mphepo: hair dryer yakale, olo fan ya heater ya motoka pa battery, yamene siidziwa load shedding. Malasha muyaphwanye akhale ang'ono-ang'ono kuti akumbatile nsimbi mbali zonse. Pomenyela, mutu wa nyundo ikulu ya 14 pounds woikidwa mu chitsa ukwana.

Spring imabwela yopindika, yolimba futi yonenepa, kambili mamilimita 6 olo kupitililapo, pamene mpeni wa mu kitchen ufunika 2 olo 3 chabe. Ipsyeni mpaka ifike pa orange, muiwongole, muimenye kuti ipyapyale. Ikayamba kuda, lekani kumenya, ibwezeni pa moto. Kumenya nsimbi yozizila ni kuika ming'alu yamene izaonekela pa tsiku loipa. Futi osaiiwala pa moto. Mukaona yayela mbee na kuyamba kuthetheka, yapsya, mbali iyo yafa.

Mukatsiliza kumenya, ipsyeni futi ifiile, muikwilile mu phulusa lambili, igone mwamene umo mpaka mailo. Kuzizila pang'ono-pang'ono kumaifewetsa, ndiye hacksaw, drill na tupa vizaidya mosavuta. Tupa lakale nalo muyambe mwalifewetsa motele mukalibe kuligwila.

Manje ikani katoni yanu pamwamba, lembani, jubani shape. Lembani mzele pakati pa mbali yamene izakhala yakuthwa, kuti mukamadya uku na uku mukumanile pakati. Koma osanola mpaka kuthwa. Siyani kunenepa kwa milimita 1. Mukapyapyalitsa kwambili, pa moto pazapsya olo kupotoka. Maboo a chogwilila aboole apa manje. Mukaiwala, mukalimbitsa nsimbi drill bit izalila chabe na kufa.

Mphindi zamene mpeni umabadwa

Vonse vamene mwachita kufika apa ni kukonzeka. Apa manje ndiye pamene pamasiyana mpeni na chidutswa cha scrap.

Nchito iyi muichite m'madzulo olo pa mthunzi. Pa dzuwa la masana maso amanama, nsimbi imaoneka yakuda pamene yapsya kale kupitilila. Pafupi ikani maginito, aja a mu speaker yakale, omangilila ku waya. Ikani futi chigubu cha nsimbi chokhala na chivundikilo, muthilemo saladi malita awili olo atatu, yokwana kumiza mpeni wonse. Pulasitiki iyai.

Yambani na kupumitsa nsimbi. Ipsyeni mpaka maginito aleke kugwila, muichotse, izizile yeka pa mphepo mpaka ide. Chitani katatu. Kumenya na kupsya kuja kunasokoneza mkati mwa nsimbi, ndipo uku kumaibweza mu malo. Amene amalumpha apa ndiye aja mipeni yawo imapotoka olo kuthyoka.

Maginito ndiye thermometer ya munthu wa mu komboni. Nsimbi ikafika pa madigiri pafupi-fupi 770, maginito saigwila. Ya spring imafuna kupitililako pang'ono, cha m'ma 830. Ndiye maginito akaleka kugwila, bwezani mpeni pa moto kanthawi kang'ono, ufiile mowalako pang'ono, mtundu umodzi kuchoka ku nsonga mpaka kwamene kuyambila chogwilila. Nsonga imapsya msanga kaili ni yopyapyala, ndiye muziuyendetsa, osaugoneka pamodzi.

Saladi ikhale yofunda, osati yozizila. Ponyanimo kansimbi kakupsya poyamba, ifunde kufika poti chala chingapilile pang'ono. Mafuta ofunda amayenda bwino ndipo amachotsa moto pa nsimbi mofanana. Manje gwilani mpeni na pliers itali, kuchoka pa moto kulowa mu saladi, nsonga patsogolo, osaima kuti muonetse anzanu. Muziuyendetsa kumwamba na pansi ngati mujuba mafuta. Mukaupukusa cham'mbali uzapindika ngati nthochi.

Muzafunsa kuti nanga madzi, si ya mahala? Madzi amaziziletsa msanga kwambili. Nsimbi ya spring mu madzi kambili imalila kuti "ting", ndipo mukamva iyo sound, nchito ya masiku atatu yathela apo. Nanga oil yakuda ya mu engine? Utsi wake uli na dothi ya mu engine yamene simufunika kuipuma, ndipo mpeni uyu uyenda ku vakudya. Gulani saladi yotchipa, muzaisewenzetsa pa mipeni yambili, koma isabwelele ku kitchen.

Mpeni ukazizila, upukuteni, pitishani tupa pa mbali yakuthwa. Ngati litelela na kulila ngati pa galasi, mwawina. Ngati lidya, sunalimbe: moto unachepa olo munachedwa. Bwezani pa moto muyambe futi.

Koma osasekelela msanga. Apa mpeni ni wolimba ngati botolo, ukagwa pa simenti uthyoka. Ufunika kuubweza pang'ono, ndipo tsiku lamene ilo, osati mailo. Usukeni na sopo mafuta onse achoke, muuike mu oven pa 200 kwa ola limodzi, uzizile, muubwezemo ola lina. Pemphani amai poyamba, kaili nkhondo ya oven ilibe wowina.

Ngati malaiti ayenda olo oven mulibe, mbaula ilipo. Kwechani mpeni na sandpaper uyele. Ikani nsimbi yonenepa pa mbaula ipsye, muimike mpeni pamwamba pake, msana pansi, kuthwa kumwamba. Manje yanganani osaphethila. Mitundu izayamba kukwela kuchoka ku msana. Mbali yakuthwa ikafika pa mtundu wa udzu wouma, chotsani muviike mu madzi. Msana olo ukhale blue palibe vuto, umapilila bwino. Koma blue ikafika pa kuthwa, pafewa, muyambe futi kulimbitsa.

Lamulo ili lipitiliza na pa grinder. Pomalizitsa, gwilani mpeni na dzanja, kudya pang'ono, kuviika mu madzi, kudya pang'ono, kuviika. Mukakanikiza mofulumila muzaona ka blue pa nsonga, ndipo moto wa grinder wafafaniza vonse vamene moto wa malasha unapanga. Kuthamanga si kufika.

Chogwilila na kunola

Mapulanga osagula atsopano. Pitani kwa akalipentala olo ku Buseko mupemphe tuvidutswa twa mukwa olo mukusi twamene amataya. Tukhale touma, kaili mtengo wauwisi ukauma umachepa na kusiya mpata wolowamo magazi na dothi. Mukula usiyeni, uli na malamulo ake a boma ndipo simufuna mafunso pa kanthu kang'ono.

Jubani tumapulanga tuwili, boolani kulingana na maboo a pa nsimbi. Ma pin jubani ku brazing rod ya brass, siichita nguwe. Pukutani vonse mafuta achoke, pakani epoxy, manga na clamp, siyani mpaka mailo. Mukamaseula na kukwecha, mbali yakuthwa muikulunge na katoni na tape. Muzigwila kambili-kambili. Pamene pakulasani mu dzanja mu mphindi imodzi, mwine wake pazamutulutsa matuza pa tsiku. Potsiliza pakani linseed oil.

Kunola ndiye kothela. Pa mwala wonolela, mpeni upendeke madigiri 15 kufika 20 mbali iliyonse, ndipo dzanja lisasinthe. Nolani mbali imodzi mpaka mumve kawaya kang'ono kapindikila ku mbali inayo, tembenuzani, chitani chimodzimodzi. Kawaya ako mukachotse pa lamba yakale ya chikumba. Kuyesa, tengani pepa ino mukatsiliza kuwelenga, muigwile m'mwamba, mujube. Ngati mpeni upita osang'amba, wakwana.

Kastoma mumuuze zoona: uyu si stainless. Ukajuba tomato, anyezi olo mandimu uzada, ndipo kuda uko si vuto, kumautetezako. Koma ukagona mu dishi ya madzi uzachita nguwe. Kusuka, kupukuta, kupaka kadontho ka saladi, kwatha.

Maso ni awili chabe

Grinder siidziwa mwine wake. Guard osachotsa, olo anzanu onse anachotsa. Disc yojubila ni yopyapyala, osaisewenzetsa cham'mbali, kaili ikaphulika imayenda ku nkhope. Magalasi muvale nthawi zonse, na mask ya fumbi. Pobowola, mangani mpeni na clamp. Drill ikagwila, mpeni umazungulila ngati fan, ndipo chala chili pafupi.

Moto wa malasha ukhale panja. Mumadziwa nkhani za mu June za anthu ogona na mbaula mu nyumba osauka. Utsi uja suoneka futi sununkha, ndipo moto wopepelela umadya malasha ambili kupambana mbaula. Saladi ikagwila moto poviika, vundikilani chigubu, uzazima weka. Osathila madzi, moto uzalumpha mpaka ku malata. Vovala va nylon na ma jersey a bola vimasungunukila pa thupi, valani va cotton. Ndipo pa plot ya anthu ambili, ana amathamangila kwamene kuli nthethe. Nsimbi yakuda ingakhale ikali yakupsya kwambili. Muike munthu woyangana ana, futi mukambe na ba landlord na ma neighbour mukalibe kuyamba kugogoda.

Mugulitsa ndani?

Apa tikambe ngati akulu. Mpeni mu komboni uli na mbili ziwili. Onani Okapi: unayamba kupangidwa ku Germany mu 1902, kuchokela mu 1988 upangidwa ku South Africa, alimi na asodzi ambili amausewenzetsa pa nchito, koma dzina lake ambili timalidziwila ku nkhani za ma tsotsi. Kuno kwathu mumadziwa mwamene ma junkie avutitsila anthu pa ma station na mu tunjila usiku.

Penal Code imaletsa kukhala na chida chopwetekela anthu popanda chifukwa chomveka. Ndiye mukapeleka oda kwa kastoma, mpeni ukhale wokulunga bwino, mu chola, masana, osati mu thumba la trouser pa bar. Ndipo mnyamata akabwela ati nipangileni wakuthwa uku na uku, wokwana mu sokisi, mufunseni ajuba chani. Akayamba kuseka-seka, mwadziwa kale. Ndalama yake ni ing'ono kupambana mlandu wamene uzabwela pakhomo panu, ndipo wamene azalasidwa angakhale mlongo wanu pochoka ku nchito. Pangani ya mu kitchen, ya butchala, ya nsomba, ya ku munda. Makastoma a iyi amabwela masana, amabwela futi na anzawo.

Pa mtengo, osapikisana na mipeni ya pa Kamwala, muzagona na njala. Welengani malasha, ma disc, sandpaper, epoxy, saladi, na masiku anu. Wogula mumuuze chamene alipilila: nsimbi yamene munaiyesa, moto wamene munaupima, chogwilila cha dzanja lake, na kuti ukabuntha aubweletse muunole. Dindani chizindikilo chanu pa nsimbi mukalibe kuilimbitsa, kuti wofunsa adziwe kwamene unachoka. Wa pa kitchen party mungalembe na dzina la mwine wake pa chogwilila.

Woyamba osagulitsa. Upatseni ba butchala a pafupi ausewenzetse sabata yathunthu, mukafunse kuti anola kangati, wabenthuka pati, walasa pati mu dzanja. Ngati ubenthuka, unachepa mu oven. Ngati upindika pa kuthwa, unapitilila olo sunalimbe. Safunsa anadya phula. Wachiwili uzakhala bwino kupambana woyamba, ndipo mukafika pa wachisanu, ba butchala ndiye azayamba kukutumilani anthu.

Sabata ya mawa tizakamba za kusoka chimake cha chikumba, kuti mpeni wanu usajube chola cha kastoma akalibe kufika ku nyumba.